Msoro: tchalitchi cha mlendo wochokera kunyanja

Anthu ambiri amene amatsikira m'chigwa cha Luangwa masiku ano amakhala akukaona nyama. Amanyamuka ku Chipata pa msewu wa tara, nadutsa pa boma la Mambwe, mpaka kukafika ku Mfuwe kumene kuli khomo lolowera m'nkhalango ya South Luangwa. Akajambula njovu ndi mikango, amakwera ndege n'kumapita. Kummwera kwa msewu umenewu, m'mbali mwa mtsinje wa Lupande, kuli malo amene alendo oterewa sawaganizira n'komwe, koma Mkhristu wa mpingo wa Angilikani ku Zambia akamva dzina lake amatchera khutu. Malowo ndi Msoro. Pamenepa pali tchalitchi cha Luka Woyera, chimene lero ndi cathedral, kunena kuti tchalitchi cha mpando wa bishopu wa Dayosizi ya Kummawa kwa Zambia.

Mabuku a mbiri ya mishoni za nthawi ya atsamunda amakonda kuyamba ndi mzungu wovala chisoti akutsika pa machila. Mbiri ya Msoro siyamba choncho. Amene anayambitsa mpingo pamalopa anali munthu wakuda, Mnyanja wobadwira m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi, dzina lake Leonard Mattiya Kamungu. Anakhalapo zaka ziwiri zokha.

Dziko la Akunda

Boma la Mambwe ndi dziko la Akunda. Makolo awo amati anachokera ku Uluba, ku Congo ya lero, ndipo amene anawatsogolera kulowa m'chigwachi ndi Mambwe, mwini dzina la bomali. Mafumu awo akuluakulu alipo asanu ndi mmodzi: Nsefu, amene ndi wamkulu wa onse, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Choncho dzina la mishoni ndi dzina la mfumu ya deralo. Chilankhulo chawo n'chapachibale kwambiri ndi Chinsenga, ndipo Mchewa akatchera khutu bwino amatolapo zambiri. Tisawasokoneze ndi Achikunda a ku Zambezi, amene mbiri yawo ndi ina.

Chigwachi si malo ophweka kukhalamo. Mwezi wa Okutobala kumatentha moti mitengo ya tsanya imayoyola masamba onse, pansi n'kumawotcha mapazi. Dzinja likafika, Lupande ndi timitsinje take zimasefukira, dothi lakuda la m'madambo n'kusanduka nsamathope wosadutsika. Kuli kashembe, ntchentche imene imapha ng'ombe, n'chifukwa chake Akunda sanali anthu a makola ngati Angoni a kumtunda. Kashembe yemweyu amafalitsa matenda a kaodzera. Mtundu wa kachilombo ka kaodzera wotchedwa Trypanosoma rhodesiense unazindikirika mu 1910 m'magazi a munthu amene anautenga m'chigwa chomwechi cha Luangwa, ndipo mu 1911 ndi 1912 madokotala awiri, Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke, anali ku Nawalia kufufuza mmene matendawa amafalira. Zaka zimenezi n'zomwenso Kamungu anali ku Msoro. Sanapite kumalo kumene azungu ankalimbirana kukhalako.

Kumtunda zinthu zinali zitasintha kale. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a Britain anagonjetsa Angoni a Mpezeni, nawombera mwana wake Nsingo, ndipo kampani ya British South Africa inakhazikitsa likulu lake la deralo ku Fort Jameson, Chipata ya lero. Kenaka kunabwera msonkho wa nyumba, umene unayamba kukankhira anyamata ku maulendo a ntchito ku Southern Rhodesia. Mu 1899 amishonale a Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State anatsegula mishoni ku Magwero, kenaka Madzimoyo mu 1903 ndi Nyanje mu 1905. Akatolika a White Fathers anali ku Kachebere, pamalire, kuyambira 1903. Pofika 1910, Adatchi ankaona dera lonselo ngati munda wawo.

Njira yaitali ya UMCA

Bungwe limene linatuma Kamungu ndi Universities' Mission to Central Africa, mwachidule UMCA. Linabadwa chifukwa cha pempho limene David Livingstone anapereka ku yunivesite ya Cambridge mu Disembala 1857. Chiyambi chake chinali cha misozi. Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861, koma anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, ndipo womulowa m'malo, William Tozer, anasamutsira ntchito yonse ku Zanzibar mu 1864. Zinatenga zaka pafupifupi makumi awiri kuti UMCA ibwerere ku Malawi. Mu 1885 inakhazikika pa chilumba cha Likoma, ndipo kuchokera pamenepo William Percival Johnson ankayendera midzi ya m'mphepete mwa nyanja pa sitima yotchedwa Charles Janson, akumasiya aphunzitsi mudzi ndi mudzi.

A UMCA anali osiyana ndi amishonale ena osakhala Akatolika. Mapemphero awo anali a Misa, zofukiza ndi zovala za unsembe, ndipo wansembe ankatchedwa Bambo. Amishonale awo ochokera ku England sankakwatira, ndipo ankalandira kandalama kochepa kwambiri. Chikhulupiriro chawo chachikulu chinali choti Afirika adzatembenuzidwa ndi Aafirika eni ake, ndiponso kuti wansembe wakuda asasanduke mzungu: adye nsima ndi anthu ake, agone m'nyumba yonga yawo. Mfundoyi inali ndi ubwino wake, ngakhale tinenenso kuti inkawathandiza kusunga ndalama, ndipo udindo weniweni sankafulumira kuupereka. Komabe ndiyo inatsegula njira yoti munthu ngati Kamungu atumidwe yekha kukatsegula mishoni.

Kamungu anabadwa cha m'ma 1877 ku Chia, mudzi wa kunyanja. Anaphunzira m'sukulu za mishoni, ndipo ataoneka kuti ali ndi mutu anamutumiza ku Zanzibar, ku koleji ya St Andrew's ku Kiungani. Sukuluyi inayamba ngati malo olererako ana opulumutsidwa m'zombo za ogulitsa akapolo, kenaka n'kukhala kophunzitsirako aphunzitsi ndi ansembe a UMCA yonse. Taganizirani mnyamata wa kunyanja akuyenda ulendo wonsewo kukafika kugombe la nyanja yamchere, kumene anthu a kwawo ambiri anafikako ali m'magoli, iye n'kukakhala pa desiki kuphunzira m'Chiswahili ndi Chingerezi. Anadzozedwa udikoni mu 1902, natumikira ku Nkhotakota ndi ku Lungwena, madera amene Chisilamu chinali chitazika kale mizu. Mu 1909 anadzozedwa unsembe. UMCA inali kale ndi ansembe akuda kunyanjako, monga Yohana Abdallah, Myao wa ku Unangu, ndi Augustine Ambali wa ku Msumba amene kwawo kunali kugombe la Tanganyika, koma mwa Anyanja eni nyanja woyamba anali Kamungu. Sanakwatire.

Bishopu woyenda pansi

Mu 1910 mpingo wa Angilikani unakhazikitsa Dayosizi ya Northern Rhodesia, ndipo bishopu wake woyamba anali John Edward Hine. Munthuyu anali dokotala komanso wansembe, ndipo anali atakhalapo kale bishopu ku Likoma kuyambira 1896 mpaka 1901, kenaka ku Zanzibar. Anapatsidwa dziko lalikulu kuposa Malawi kasanu ndi kamodzi, ansembe owerengeka pa zala za dzanja limodzi, ndi ndalama zochepa. Analiyendera pansi dzikolo, kufunafuna malo amene mipingo ina sinafikeko. Mwa mishoni zimene zinabadwa m'zaka zoyambirirazo, zodziwika kwambiri ndi Mapanza pakati pa Atonga, Chipili ku Luapula, ndi Msoro.

Ku Fort Jameson kunali kale tchalitchi cha Angilikani, cha Paulo Woyera, koma chinamangidwira azungu a boma ndi a minda. Ntchito pakati pa eni dziko inali isanayambe. Hine ankawadziwa bwino anthu a kunyanja, ndipo anapempha dayosizi yake yakale kuti imubwereke wansembe. Kamungu anavomera. Kuchokera ku Nkhotakota kukafika ku Msoro ndi mtunda wa makilomita oposa 250, kukwera zitunda, kudutsa chidikha cha pakati pa Malawi, kulowa ku Fort Jameson, n'kutsetserekera m'chigwa. Kunalibe galimoto. Katundu yense, kuyambira mabuku, masileti mpaka ziwiya za pa guwa, ankayenda pamitu ya amtengatenga. Kumayambiriro kwa 1911 Kamungu anali atakhazikika ku Msoro.

Mamailosi khumi

Vuto loyamba silinachokere kwa Akunda ayi. Linachokera kwa Akhristu anzake. Adatchi anadandaula kuti UMCA yalowa m'dera lawo, ndipo boma la kampani, posafuna phokoso, linalamula kuti ntchito ya Kamungu isapitirire mamailosi 10, pafupifupi makilomita 16, kuzungulira Msoro.

Apa mpofunika kuima pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona khalidwe la nthawi imeneyo. Mipingo inkagawana anthu ngati mmene abale amagawirana dimba la malemu, uyu ndime iyi, uyo ndime iyo, eni midzi osafunsidwa. Chida cha mpikisanowo chinali sukulu. Mpingo umene wayamba kuika mphunzitsi m'mudzi, mudziwo ndi wake, ndipo ana obadwa m'menemo adzakula ali a mpingo umenewo. N'chifukwa chake mpaka lero mungathe kulosera mpingo wa munthu wachikulire wa kummawa kwa Zambia mukangomva mudzi wa kwawo: wa ku Madzimoyo kapena ku Kamoto, mishoni ina ya m'boma lomweli la Mambwe, kawirikawiri amakhala wa Reformed Church in Zambia, pamene wa kwa Msoro amakhala wa Angilikani. Ambiri sanasankhe atayerekeza ziphunzitso. Anasankhiridwa ndi mzere umene unajambulidwa mu ofesi ku Fort Jameson.

Panalinso china chimene sichinkanenedwa mokweza. Kwa azungu ambiri a nthawiyo, a boma ndi a mishoni omwe, munthu wakuda kuyendetsa mishoni yekha popanda mzungu womuyang'anira pafupi chinali chinthu chachilendo ndi chokayikitsa. Kamungu ankadziwa kuti maso onse ali pa iye, ndipo kuti akapunthwa, sadzanena kuti walephera Leonard, adzati alephera anthu akuda.

Ntchito ya zaka ziwiri

M'kati mwa malire opanikizawo Kamungu anagwira ntchito modzipha. Anamanga tchalitchi, natsegula sukulu m'midzi yozungulira, mothandizidwa ndi aphunzitsi ochokera kunyanja. Sukulu ya mishoni ya m'mudzi masiku amenewo sinali nyumba yodabwitsa. Anthu ankadula mitengo ndi nsungwi, amayi n'kumweta udzu ndi kutunga madzi omatira, luzi n'kukhala msomali. Ana ankakhala pa zipika kapena pansi, akulemba pa sileti, sileti ikasowa n'kumalemba ndi chala pa mchenga. Nyumba yomweyo m'mawa inali sukulu, madzulo ndi Lamulungu inali kopempherera. Mphunzitsi anali zonse: wophunzitsa afabeti, woyambitsa nyimbo, wolalikira, ndi wowerengera anthu makalata ochokera kwa amuna awo amene anapita kukagwira ntchito kutali.

Ubatizo sunali wa changu. Mwa dongosolo la UMCA munthu ankayamba ngati womvera chabe. Akaonetsa khama, ankalandira kamtanda kovala m'khosi pamaso pa mpingo, kusonyeza kuti tsopano ndi wophunzira za ubatizo. Pa Misa, ulaliki ukatha, ophunzirawa ankatuluka, otsala n'kukhala obatizidwa okha. Maphunzirowo ankatenga nthawi yaitali, ndipo mafunso ovuta ankabuka pamenepa: mwamuna wa mitala achite bwanji ndi akazi ake, nanga chinamwali, nanga nsembe za mizimu ya makolo, nanga mowa wa pamaliro. Akunda, monga Achewa, amatsata mtundu wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Mnyamata sakanangolandira mtanda popanda akuchikazi kunenapo kanthu. Apa ndi pamene wansembe wa kunyanja anali ndi mwayi umene mzungu wa ku Oxford analibe. Miyambo yotereyi anakulira momwemo, ndipo ankadziwa khomo loyenera kugogoda. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma mlendo ameneyu ankadziwanso mmene mutu wa mwini mudzi umametedwera.

Tisaiwale kuti analidi mlendo. Chinyanja cha ku Likoma si Chikunda, ndipo munthu wozolowera usipa ndi mphepo ya mwera anayenera kuzolowera chigwa chotentha chopanda nyanja. Mbiri yake imamuonetsa ngati munthu wa mapemphero, wodzimana, wosadzisungira kanthu, woyenda mudzi ndi mudzi osapuma. Asanamwalire anali atabatiza Akhristu oyamba a ku Msoro.

Anamwalira mu Febuluwale 1913, ali ndi zaka pafupifupi 36, ndipo anaikidwa ku Msoro komweko. Nkhani imene yakhala ikukambidwa kuyambira nthawi imeneyo ndi yoti anamuthirira poizoni m'chakudya, ndipo ena amaloza chala wophika wake. Ena amakumbutsa kuti chigwacho chinali ndi matenda okwanira kupha munthu wotopa popanda mdani kuthandizapo. Mulimonsemo, mpingo unamulandira ngati munthu amene anataya moyo wake pa ntchito ya Mulungu. Chaka chotsatira, mu 1914, mmishonale wina wa ku Zanzibar, Dora Yarnton Mills, anatulutsa buku la moyo wake lotchedwa An African Priest and Missionary, ndipo mu 1971 John Weller analemba lina, The Priest from the Lakeside, limene linasindikizidwa ku Blantyre. Ndi Aafirika ochepa a m'badwo wake amene analembedwa mabuku awiri.

Atapita Kamungu

Msoro sinafe naye. Koma chimene chinatsatira chikutiuza zambiri za nthawiyo: mishoni imene anayambitsa munthu wakuda inakhala m'manja mwa ansembe achizungu kwa zaka zambiri. Hine anatula pansi udindo mu 1914, ndipo Alston May anakhala bishopu kuyambira chaka chimenecho mpaka imfa yake mu 1940. M'nthawi yake Msoro inakula n'kukhala likulu la ntchito ya Angilikani kummawa konse, ndi sukulu yogonera komweko, kachipatala, ndi midzi yambiri yoyenderedwa ndi wansembe.

Pa nkhani ya chilankhulo, Msoro inatenga njira yakeyake. Adatchi ankaphunzitsa ndi kulalikira m'Chinyanja, ndipo kuyambira 1922 anali ndi Buku Lopatulika, Baibulo limene ntchito yolimasulira inatsogoleredwa ndi William Murray. A UMCA kunyanja anali ndi Baibulo lawo la Chinyanja cha ku Likoma, ntchito ya Johnson. Koma ku Msoro ansembe anatsamira ku Chinsenga, poona kuti ndicho chili pafupi ndi zimene anthu amalankhula pakhomo. Mmodzi mwa iwo, Sidney Ranger, anatulutsa buku lophunzirira chilankhulochi, Chinsenga Handbook, mu 1928. Boma litasankha Chinyanja kukhala chilankhulo cha sukulu kummawa konse, mwana wa Chikunda anayamba kukula ndi zilankhulo zingapo, china cha pakhomo, china cha m'kalasi, ndi Chingerezi cha mayeso.

Kutalikira kwa Msoro kunakhalabe mtolo. Mu 1948 wansembe amene analinso dokotala, Francis Trefusis, anayambitsa chipatala cha St Francis, ndipo sanachimange m'chigwa koma kumtunda ku Katete, m'mbali mwa Great East Road, kumene odwala angafike chaka chonse. Chipatalachi chinakula n'kukhala chimodzi mwa zipatala zazikulu za mishoni m'Zambia, ndipo masiku ano Angilikani amachiyendetsa pamodzi ndi Akatolika, chinthu chimene amishonale okanganirana midzi aja sakanachilota. Msewu womwewu unatenganso moyo wa bishopu wina: Oliver Green-Wilkinson, amene anatsogolera dayosizi kuyambira 1951, anafa pa ngozi ya galimoto mu 1970 akuchokera ku Katete kubwerera ku Lusaka.

Munthu wakuda woyamba kukhala bishopu wa Angilikani m'dzikoli, Filemon Mataka, anadzozedwa mu 1964, chaka chimene Zambia inalandira ufulu. Kuchokera pa imfa ya Kamungu panali patapita zaka 51. Bungwe limene linkalalikira kuti Afirika adzatembenuzidwa ndi Aafirika linali ndi umboni wa mfundo yakeyo pa manda a ku Msoro, komabe linadikira mpaka mbendera ya atsamunda itatsala pang'ono kutsika. Pamenepa UMCA inachedwa, ndipo palibe chifukwa choibisira.

Cathedral ya kumudzi

Dayosizi imodzi ija ya Northern Rhodesia, imene tsopano inkatchedwa ya Zambia, inagawidwa patatu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kummawa kunakhala pansi pa Lusaka. Mu 1995 kunabadwa Dayosizi ya Kummawa kwa Zambia. Bishopu wake woyamba anali John Osmers, mbadwa ya ku New Zealand, amene mbiri yake ikanadzaza mutu wakewake. Ali wansembe ku Lesotho ankathandiza othawa tsankho la ku South Africa, ndipo mu 1979 bomba lobisidwa m'phukusi linamudula dzanja lamanja. Pambuyo pake anadzakhala ku Lusaka akutumikira anthu a chipani cha ANC cha ku South Africa amene anathawa kwawo pa zifukwa za ndale. Atapuma, mpando unapita kwa William Mchombo. Osmers anamwalira ku Lusaka mu 2021.

Dayosizi yatsopanoyi ikanatha kuika mpando wa bishopu m'tauni ya Chipata, kumene kuli maofesi ake, magetsi ndi misewu yabwino. Ulemuwo unapita ku Msoro. M'maiko ambiri cathedral imakhala pakati pa mzinda, moyang'anana ndi nyumba za boma. Ya Luka Woyera ili pakati pa minda ya chimanga ndi thonje, m'dera limene alimi ena amachezera usiku kupirikitsa njovu, ndipo pambali pake pali sukulu ndi chipatala chaching'ono cha mishoni. Mpingo wa Angilikani kunoku uli ndi chizolowezi chotere, pakuti cathedral yake yotchuka ya Petro Woyera nayonso ili pa chilumba cha Likoma, kutali ndi mizinda.

Ku Malawi dzina la Kamungu lili pa koleji ya ku Zomba yophunzitsa ansembe a Angilikani, Leonard Kamungu Theological College. Choncho wansembe wachinyamata wa ku Nkhotakota kapena ku Malosa amatchula dzinali tsiku ndi tsiku, ngakhale ambiri mwa iwo sanapondeko ku Lupande. Maiko awiriwa, Malawi ndi Zambia, pamodzi ndi Zimbabwe ndi Botswana, akhala m'chigawo chimodzi cha mpingowu, cha Central Africa, chimene chinakhazikitsidwa mu 1955.

Wofuna kukaona Msoro angathe kudzera ku Chipata kapena ku Katete. Apite m'chilimwe, pakati pa Juni ndi Seputembala, madzi a m'mitsinje ataphwa koma dzuwa la Okutobala lisanafike, ndipo akafika apemphe akuluakulu a mpingo kuti amuonetse manda a Bambo Kamungu.